Ndarama za Ulova ndi Msonkho wa ku Johannesburg

Nkhani ya lero ikhudza abale athu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene ali pa nchito ku Johannesburg, kumene makolo athu ankakuchula kuti ku Joni. Funso lace ndi ili: munthu akacotsedwa nchito nayamba kulandira ndarama za ulova, kodi Boma limadulapo msonkho?

Ku South Africa kuli thumba lochedwa Unemployment Insurance Fund, mwacidule UIF, loyendetsedwa ndi lamulo la m'caka ca 2001. Mwezi uli wonse wanchito amasonkha randi imodzi pa marandi 100 ali onse a malipiro ace, bwana wace naponyapo ina. Kuyambira June 2021 malipiro owerengedwa amalekeza pa R17,712 pa mwezi, kotero palibe wanchito wosonkha koposa R177.12. Anchito a m'nyumba analowetsedwamo m'caka ca 2003.

Tsono yankho lace nlakuti iai. Lamulo la msonkho la m'caka ca 1962, pa gawo 10, linena kuti ndarama zocokera m'thumbali sizidulidwa msonkho, kaya ndi za ulova, za matenda kapena za ucembere. Si maiko onse acita cotero: ku United States ndarama zotere zimawerengedwa ngati malipiro. Ife tiona kuti njira ya ku South Africa njanzeru, pakuti zimene wanchito amasonkha zija zimacokera pa malipiro odulidwa kale msonkho, ndiponso cimene alandira ncocepa, pakati pa magawo 38 ndi 60 pa 100 a malipiro ace akale.

Apa mveretsani, cifukwa ambiri amataya ndarama zao posadziwa. Caka ca msonkho ciyamba pa 1 March ndi kutha m'February. Tiyerekeze kuti munthu ankalandira R15,000 pa mwezi, nagwira nchito kuyambira March kufikira August 2024, nchito nkutha. Bwana wace ankadula msonkho monga ngati munthuyo adzalandira R180,000 pa caka, ndiwo pafupifupi R1,260 mwezi uli wonse. Koma iye analandira R90,000 yokha, pamene caka cimeneco munthu wosafika zaka 65 ankayamba kukhoma msonkho akapitirira R95,750. Popeza za UIF siziphatikizidwa pa ciwerengeroco, msonkho wonse wodulidwawo, woposa R7,500, uyenera kubwezedwa kwa mwini wace. Kuti zitero asunge kalata yochedwa IRP5 imene bwana apereka, ndipo aonetsetse kuti za caka cimeneco zawerengedwa ku SARS, ofesi yokhometsa msonkho.

Musasokoneze ndarama zimenezi ndi zina zolandira potsazikana ndi bwana. Za masiku a chuthi amene simunapume, ndi za notisi, zimadulidwa msonkho monga malipiro wamba. Za cipukutamisozi pamene kampani yacepetsa anchito ziri ndi muyeso wace-wace: kuyambira March 2023, R550,000 yoyamba siidulidwa kanthu, koma mwai umenewu uwerengedwa pa moyo wonse wa munthu pamodzi ndi ndarama za penshoni zolandira nthawi imodzi.

Wosiya nchito mwa kufuna kwace salandira za ulova. Wocotsedwa apite ku ofesi ya za nchito isanathe miyezi 12, atatenga ziphaso zace ndi kalata ya UI-19 yolembedwa ndi bwana wace.