Wotchi ya mamiliyoni ndi mphindi imodzi yowerenga kapumidwe ka mwana

Alimi a fodya amaidziwa bwino okushoni. Belo likatsegulidwa ogula amapikisana, ndipo wotchula mtengo wokwera ndiye amatenga. Ku Ulaya ndi ku America kuli okushoni ina, ya mawotchi a pamkono, ndipo mitengo yake ndi yodabwitsa.

Mu October 2017 wotchi ya Rolex Daytona yomwe ankavala katswiri wa mafilimu, Paul Newman, inagulidwa ku New York pamtengo woposa madola 17 miliyoni. Mu November 2019 mumzinda wa Geneva, wotchi ya Patek Philippe yotchedwa Grandmaster Chime inagulidwa ndi ndalama za ku Switzerland zokwana ma franc 31 miliyoni. Ndalamazo zinapita ku kafukufuku wa Duchenne, matenda obadwa nawo omwe amafoola minofu, makamaka ya ana aamuna.

Chimayendetsa mawotchi amenewa n'chiyani?

Mawotchi a pa okushoniwa alibe batire. M'kati mwake muli kasipuling'i kokulungika komwe mwiniwake amakamanga popukusa kabatani ka pambali. Ena amadzimanga okha munthu akamagwedeza mkono. Kasipuling'iko kakamamasuka pang'onopang'ono kamakankha timawilo ta mano, ndipo kawilo kena kamagwedezeka uku ndi uku kuti mphamvuyo izituluka mwa muyezo. Kulira kwa "tiki-tiki" kumachokera pamenepo.

Anthu amalimbirana mawotchiwa chifukwa ndi osowa, anapangidwa ndi manja a amisiri, kapena anavalapo munthu wotchuka. Koma pa kusunga nthawi sapambana wotchi ya batire. Wotchi yopukusa yomwe yapambana mayeso a ku Switzerland imaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kutsogola masekondi 6 pa tsiku. Wotchi ya batire ya mtundu wa quartz, womwe kampani ya Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa mu 1969, masiku ano ili ndi kamwala ka quartz konjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, ndipo kawirikawiri imalakwitsa ndi masekondi ochepa pa mwezi wathunthu. Choncho wotchi yotchipa ya mumsika wa Zomba ikhoza kukuuzani nthawi molondola kuposa ya mamiliyoni.

Wotchi ndi chipatala

Ubale wa wotchi ndi ntchito yachipatala ndi wakale. Mu 1707 dokotala wa ku England, John Floyer, anatulutsa buku lofotokoza za wotchi yomwe anapangitsa kuti aziwerengera kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi. Patapita zaka, makampani anayamba kupanga mawotchi a madokotala okhala ndi manambala apadera m'mphepete owerengera kugunda kwa mtima. Lero mawotchi oterowo amasakidwa ndi otolera zinthu zakale.

Kuno kwathu ntchito ija ikadalipo. Namwino wa pachipatala cha St Luke's ku Malosa, kapena mlangizi wa zaumoyo pa kiliniki ya m'mudzi mwa T/A Malemia, akalandira mwana wotsokomola amafunika chinthu chosonyeza masekondi. Chifukwa chake ndi chibayo. Bungwe la WHO likuti mu 2019, chaka chomwe Grandmaster Chime inagulidwa, chibayo chinapha ana oposa 700,000 osakwana zaka zisanu padziko lonse.

Chibayo chimadzaza timatumba ta mpweya ta m'mapapo ndi madzi kapena mafinya. Mpweya wabwino ukachepa m'magazi, thupi limayesa kubweza popuma mothamanga. N'chifukwa chake kuwerenga kapumidwe kumasiyanitsa chimfine wamba ndi chibayo ngakhale pamalo opanda makina ojambula chifuwa.

Kawerengedwe kake

Dikirani mwana akhale bata. Akamalira kapena akangosiya kusewera, nambala imakwera yokha. Mukhazikeni pamiyendo pa mayi ake, kwezani malaya, ndipo yang'anani malo amodzi pachifuwa kapena pamimba. Kukoka mpweya ndi kuutulutsa n'kupuma kumodzi.

Werengani mphindi yathunthu, masekondi 60. Musawerenge theka n'kuchulukitsa, chifukwa makanda amapuma mwachangu kenako n'kudukiza. Ngati muli awiri, wina ayang'ane muvi wa masekondi kapena foni, wina ayang'ane mwana.

Mwana akupuma mothamanga ngati:
- sanakwane miyezi iwiri ndipo wapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi;
- ali ndi miyezi iwiri mpaka 11 ndipo wapuma ka 50 kapena kuposa;
- ali ndi chaka chimodzi koma sanakwane zaka zisanu ndipo wapuma ka 40 kapena kuposa.

Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya omwe ali ndi kachipangizo kolira kowerengera mphindi asamale zinthu ziwiri. Kamalira pa masekondi 30 ndi pa masekondi 60, choncho musalekeze pa kulira koyamba. Komanso n'kosavuta kuyamba kuwerenga kulira kwa kachipangizoko m'malo mwa mpweya wa mwana. Maso akhale pachifuwa. Mukakayika, bwerezani.

Mwana wotsokomola yemwe akupuma mothamanga aonedwe ndi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Chibayo chikapezeka msanga chimachira ndi mankhwala a amoxicillin, omwe mlingo wake umatengera msinkhu kapena kulemera kwa mwana. Musampatse makapisozi otsala kwa munthu wina kapena ogula pa okala, ndipo amalize mankhwala onse ngakhale ayambe kusewera.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Pali nthawi zomwe simuyenera kuchedwa ndi kuwerenga. Thamangirani kuchipatala ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati mwana akamakoka mpweya, ngati akulira m'khosi pokoka mpweya ali bata, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, walefuka kapena akuvuta kudzutsa, kapena milomo yasintha mtundu. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma mothamanga, lipite kuchipatala msanga. Mwana wotero angafunike mpweya wa oxygen ndi jekeseni, zomwe zimapezeka pachipatala monga St Luke's kapena Zomba Central.

Mabanja okhala m'munsi mwa phiri la Malosa akudziwa kuzizira kwa June ndi July, pomwe ana amaothera moto m'khitchini yotseka. Utsi wa nkhuni umafoola mapapo a ana, monganso kunyentchera ndi kachilombo ka HIV zimafoolera chitetezo cha m'thupi. Phikirani pamalo podutsa mphepo ndipo mwana asakhale kumsana pa utsi. Yamwitsani mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pitani naye ku sikelo kuti alandire katemera yense, kuphatikizapo wa chibayo wa PCV yemwe dziko lino linayamba kupereka mu November 2011.

Yesezani kuwerenga mwana ali bwino, monga madzulo akagona, kuti mudziwe kapumidwe kake ka masiku onse. Lembani manambala atatu aja, 60, 50 ndi 40, papepala ndipo muliike m'buku lake la ku sikelo. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ionetsetsenso kuti volontiya aliyense ali ndi wotchi kapena foni yosonyeza masekondi, ndipo batire lake ndi lamoyo.