AMPHAKA AKACULUKA PAKHOMO, AFUNIKA MALO OSIYANA

Nyengo yokolola ikatha, mabanja ambiri m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke amaweta amphaka awiri kapena atatu kuti ateteze nkhokwe ku makoswe. Nzeru imeneyi ndi yabwino, pakuti makoswe amatha cimanga ndi nshawa, ndiponso nthata zao zimafalitsa mliri woopsa monga uja unagwa m'boma la Nyimba m'caka ca 2015. Koma pamakomo ena amphaka omwewo asanduka vuto: amamenyana usiku wonse, ndipo wina amayamba kudzithandiza m'nkhokwe, pamphasa kapena pamatumba a cimanga.

Eni nyumba ambiri amathamangira ndodo. Kumenya sikuthandiza, cifukwa mphaka sacita zimenezi mwamwano. Mphaka wa pamudzi anacokera ku mtundu wa vumbwe wa m'thengo, nyama imene imasaka yokha ndi kusunga dera lake. Cotero amphaka akaculuka pakhomo limodzi, wamphamvu amatsekereza anzake pa mbale ya cakudya, pogona ndi pamalo odzithandizira. Wofooka uja, poopa kulumidwa, amafuna malo obisika, ouma ndi ofewa. Kawirikawiri malowo amapezeka m'nkhokwe.

Mankhwala a vutoli ndi kugawa malo. Akatswiri a ziweto amalangiza kuti malo odzithandizira apose ciwerengero ca amphaka ndi amodzi: amphaka 2 afunika malo 3, amphaka 3 afunika malo 4. Sipafunika ndalama. Beseni lakale kapena cigubu codula pakati, cothiramo mcenga wouma wa kumtsinje, cikwanira. Mabeseniwo asaikidwe pamodzi, pakuti mphaka mmodzi angathe kuwalonda onse. Lina likhale kuseri kwa nyumba, lina pafupi ndi khola, pamalo osalowa mvula, kutali ndi cakudya ndiponso pamene mphaka angathe kuthawa ngati mnzake amudzidzimutsa. Mbale za cakudya ndi madzi nazonso zikhale zosiyana.

Pamalo pamene mphaka anaipitsa kale payenera kutsukidwa bwino ndi sopo, cifukwa fungo likatsala iye amabwererapo. Khomo la nkhokwe litsekedwe, amphaka azilonda makoswe pansi ndi m'mbali mwake.

Ukhondo pa nkhaniyi ukhudzanso moyo wa anthu. M'zonyansa za mphaka mumapezeka nthawi zina tizilombo ta matenda ochedwa toxoplasmosis, amene angathe kucititsa mai kupita padera kapena kupundula mwana ali m'mimba. Tizilomboti timayamba kupatsa matenda pakapita tsiku 1 kufikira masiku 5 zonyansazo zitatuluka. N'cifukwa cake mcenga woipitsidwa uyenera kucotsedwa tsiku ndi tsiku ndi kukwiriridwa m'dzenje kutali ndi citsime ndi dimba. Mai wapakati asagwire nchito imeneyi, ndipo amene waigwira asambe m'manja ndi sopo.

Ndeu zambiri zimacokera kwa amphaka amphongo, amene amawaza mkodzo wonunkha pazipupa posonyeza malire a dera lao. Kuthena kumacepetsa khalidweli. Kumbali ya waukazi, iye angathe kutenga bere asanakwanitse miyezi 6, amabereka patapita masiku pafupifupi 65, ndipo angathe kuswa kawiri kapena katatu pacaka. Khomo la amphaka awiri likhoza kudzaza caka cisanathe. Mlimi apite kwa anchito a zoweta a m'dera lake kukafunsa za kuthena, ndi za katemera wa ciwewe, pakuti matendawa amagwira amphaka monganso agalu.

Mphaka wacilendo asaponyedwe pakati pa anzake tsiku lomwe wafika. Ayambe wasungidwa m'cipinda cayekha kwa masiku angapo, kuti anzakewo azolowere fungo lake asanaonane maso ndi maso.

Pomariza, mphaka amene kale anali waukhondo koma wasintha mwadzidzidzi angakhale akudwala. Wamphongo amene anjuta kawirikawiri, nalira, koma mkodzo osatuluka, afunika thandizo tsiku lomwelo, pakuti njira ya mkodzo ikatsekeka angathe kufa m'masiku owerengeka. Banja limene lisamala zinthu zazing'onozi lidzasunga alonda ake a nkhokwe, ndipo cimanga cake cidzafika nyengo ya dzinja cili caukhondo.