Sitima yapansi panthaka: amakumba bwanji, nanga amalipira ndani?

Pa holide ya mu Ogasiti tinapita ku Heathrow kukachingamira mayi anga, omwe ankachokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa. Tinakwera sitima ku Leicester, patangotha ola limodzi ndi mphindi zochepa tinali pa St Pancras, kenaka Thameslink siteshoni imodzi yokha mpaka Farringdon. Pamenepo tinalowa pansi pa masitepe oyenda okha aja, kutsika, kutsikabe, mpaka tinafika pokwerera Elizabeth line. Mwana wanga wa zaka 9 anamwazamwaza maso n'kufunsa kuti, "Amayi, nanga kwathu ku Leicester bwanji kulibe sitima yotereyi? Ife timangodikira basi pamvula." Ndinamuyankha mwachidule kuti ndi nkhani ya ndalama. Koma ine ndine mphunzitsi, ndipo mwana akandiyankha choncho m'kalasi ndimamubweza kuti afotokoze bwino. Choncho lero ndadzibweza ndekha.

Tiyambe ndi kukumba, popeza ndi kumene ana amakonda. Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba ndi imene anamangira njanji yoyamba yapansi panthaka padziko lonse, Metropolitan Railway, yomwe inatsegulidwa ku London pa 10 Januwale 1863 kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon komwe tinaima ife kuja. Ankang'amba msewu wonse, kukumba chingalande chakuya, kuyala njanji, kumanga denga la njerwa pamwamba pake, kenaka n'kukwirira ndi kubwezeretsa msewuwo. Njirayi ndi yotchipirapo, koma imasokoneza mzinda kwa zaka, ndipo nyumba zambiri za anthu osauka zinagumulidwa. Sitima zake zinali zamalasha, moti okwera ankatuluka akutsokomola utsi.

Njira yachiwiri ndi ya mfuko. Makolo amene munakulira kumudzi, afotokozereni ana mmene kanyamaka kamaboolera pansi pa munda wa mbatata, pamwamba inu osaona kanthu kupatula timilu ta dothi. Injiniya wina wobadwira ku Grahamstown ku South Africa, James Henry Greathead, anakonza chishango chachitsulo chobulungira chimene chinkateteza okumba kuti dothi lisawagwere, uku chikukankhidwa pang'onopang'ono kupita kutsogolo. Ndi chishango chimenechi anakumbira City and South London Railway, yomwe inatsegulidwa mu 1890 ndipo inkayendera magetsi. London inalinso ndi mwayi wachilengedwe: pansi pa mbali yaikulu ya mzindawu pali dongo lofewa kukumba koma losagumuka msanga.

Elizabeth line, imene pomangidwa inkatchedwa Crossrail, inakumbidwa ndi adzukulu a chishango cha Greathead. Anali makina asanu ndi atatu, alionse olemera matani pafupifupi 1,000, otalika mamita pafupifupi 150, kumaso kwake kuli chimbale cha mamita 7 chokhala ndi mano achitsulo. Chimbalecho chikamazungulira chimapala dothi, lamba n'kumalitengera kumbuyo. Makinawo amasanja zidutswa za konkire mozungulira ngati mphete, kenaka amaponda pa mpheteyo n'kudzikankhira kutsogolo, mamita ngati 100 pa sabata. Mwa mwambo wa okumba, makina otere amapatsidwa maina a akazi, choncho panali Ada, Phyllis, Victoria, Elizabeth, Mary, Sophia, Jessica ndi Ellie. Kuyambira 2012 mpaka 2015 anaboola makilomita 42.

Pansi pa London si pachabe ayi. Pali mapaipi a madzi ndi a zonyansa, mawaya, maziko a nyumba zosanja, komanso njanji zakale. Pa Tottenham Court Road makina anadutsa pamwamba pa Northern line atasiya mpata wosakwana mita imodzi. Ku Liverpool Street okumba anapeza manda akale, ndipo akatswiri anafukula mosamala mafupa a anthu oposa 3,000. Dothi lokwana matani pafupifupi 3 miliyoni analitumiza ku Wallasea Island ku Essex, komwe tsopano ndi malo osungirako mbalame.

Kukumba kunatha mu 2015, koma anthu anayamba kukwera pa 24 Meyi 2022. Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo ankatani? Aliyense amene akumangitsa nyumba ku Area 49 kapena ku Chileka kudzera pa WhatsApp yankho ali nalo kale. Makoma amakwera msanga, mtima n'kukhala m'malo, koma ndalama zimathera pa mawaya, mapaipi, siling'i ndi matailosi. Crossrail inali ndi masiteshoni khumi atsopano oti amalizidwe, ena aakulu ngati matchalitchi okwiriridwa pansi. Chovuta kwambiri chinali cha masiginolo. Njanjiyi imachokera ku Reading ndi Heathrow kuzambwe, kudutsa pansi pa mzinda, kukafika ku Shenfield ndi Abbey Wood kuvuma, ndipo panjirapo sitima imakumana ndi mitundu itatu ya masiginolo. Zili ngati mwana wa ku Leicester amene amalankhula Chichewa kunyumba, Chingerezi kusukulu, n'kumatolako Chigujarati kwa anzake, kungoti sitimayo imayenera kusintha chinenero ili pa liwiro, osalakwitsa ngakhale liwu limodzi. Anthu anali atalonjezedwa Disembala 2018. Mu Ogasiti chaka chomwecho, kutatsala miyezi inayi yokha, akuluakulu anavomera kuti sizitheka. Mtengo unachoka pa £14.8 biliyoni kufika pafupifupi £18.9 biliyoni. Ndalama zimenezi zikuposa zonse zimene chuma cha Malawi chimapanga pa chaka chathunthu.

Tsopano funso lenileni: ndalama zotere zimachokera kuti?

Ambiri timaganiza kuti ndi tikiti. Ayi. Tikiti imathandiza kulipira oyendetsa, magetsi ndi kukonza zowonongeka, koma singabweze yokha ndalama zokumbira. London inaphunzira zimenezi kalekale. Njanji zoyambirira zinamangidwa ndi makampani ofuna phindu. Mkulu wina wa ku America, Charles Tyson Yerkes, anasonkhanitsa ndalama kunja zomangira Bakerloo, Piccadilly ndi chigawo cha Northern line, zomwe zinatsegulidwa mu 1906 ndi 1907. Okwera sanachuluke mmene ankayembekezera, ndipo kampani yake inatsala pang'ono kugwa ndi ngongole. Pofika 1933 njanji zonsezi zinaikidwa pansi pa bungwe limodzi loyang'anira maulendo a mu London, kholo la Transport for London ya lero.

Ndiye pa Crossrail anachita kusonkherana. Boma la ku Westminster linaikapo pafupifupi £4.7 biliyoni pa mtengo woyamba uja. Network Rail inagwira ntchito ya £2.3 biliyoni pa njanji zakale zapamtunda. Transport for London inakongola ndalama zoti idzabweze kuchokera ku matikiti a m'tsogolo. Canary Wharf Group inaikapo £150 miliyoni pa siteshoni yake, bwalo la ndege la Heathrow £70 miliyoni.

Koma gawo limene ine limandisangalatsa ndi la msonkho wa mabizinesi. Kuyambira Epulo 2010, nyumba iliyonse yamalonda ku London imene renti yake yapachaka inayerekezedwa kupitirira £55,000 inayamba kulipira 2p yowonjezera pa paundi iliyonse ya rentiyo. Ana, werengani: ofesi ya £100,000 pachaka ikulipira £2,000. Timashopu ting'onoting'ono sitinakhudzidwe. Meya wa London anatenga lonjezo la msonkho umenewu ngati chikole n'kukongola mabiliyoni nthawi imodzi, ndipo zonse zochokera ku msonkhowu zinayerekezedwa kukwana £4.1 biliyoni. Ganizo lake ndi losavuta. Siteshoni ikafika pamalo, mtengo wa malo ndi nyumba umakwera, makasitomala amachuluka, ogwira ntchito amafika msanga. Mwini nyumba sanakumbe ngakhale khasu limodzi koma walemera. Bwanji osabwezako pang'ono? Pa chifukwa chomwecho, omanga nyumba zatsopano mu London nawonso anapatsidwa msonkho wawo. Msonkho wa 2p uja ukulipiridwabe mpaka pano, ndipo ngongoleyo idzatha ana athu ali akuluakulu. Ena amati n'kusenzetsa ana katundu. Ine sindikuona cholakwika, chifukwa ngalande za 1863 zikunyamulabe anthu lero, ndiye n'chilungamo kuti okwera a mawa nawonso aikepo dzanja.

Ife a ku East Midlands tisaganize kuti zonsezi ndi za ku London kokha. Misonkho yathu inalowamo kudzera m'gawo la boma lija, koma tinapindulanso. Sitima 70 za Elizabeth line, iliyonse yotalika mamita oposa 200 ndi yonyamula anthu mpaka 1,500, zinapangidwa ku Derby, pa fakitale ya Litchurch Lane yomwe inali ya Bombardier ndipo tsopano ndi ya Alstom. Anakaziyesera pa njanji ya ku Old Dalby, kufupi ndi Melton Mowbray m'Leicestershire momwe muno. Mu 2024, fakitaleyi itatsala pang'ono kusowa ntchito, inapatsidwa oda ya sitima zina khumi za njanji yomweyi pa mtengo wa £370 miliyoni. Abale athu a ku Johannesburg nawo akudziwa ntchito ya ku Derby: mabogi oyambirira a Gautrain, yomwe inayamba kuyenda mu 2010 ndipo imalowa pansi cha ku Sandton ndi Rosebank, anachokera pa fakitale yomweyi.

Nanga Leicester? Kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 368,000 mumzinda uno, pamene London ili ndi pafupifupi 8.8 miliyoni. Elizabeth line yokha imanyamula maulendo oposa 200 miliyoni pachaka. Kukumba kilomita imodzi pansi pa Belgrave Road kungadye ndalama zosasiyana kwenikweni ndi kukumba pansi pa London, koma okwera ndi ochepa, ndipo maofesi akuluakulu oti asenze 2p uja ndi owerengeka. N'chifukwa chake ku Britain konse njanji zapansi zili ku London, Glasgow, Newcastle ndi pakati pa Liverpool basi. Ngakhale Birmingham ndi Manchester, mizinda yaikulu kuposa wathu, anasankha tram, sitima yamagetsi yoyenda pamtunda, nthawi zina mumsewu momwe.

Chitsanzo chapafupi ndi Nottingham. Tram yawo inayamba mu Malichi 2004. Pofuna kuitalikitsa kukafika ku Clifton ndi Toton Lane, kudutsa pa Queen's Medical Centre ndi pa yunivesite, ntchito ya £570 miliyoni yomwe inatha mu Ogasiti 2015, boma linapereka gawo lalikulu koma khonsolo inayenera kupeza gawo lake. Mu 2012 inayambitsa Workplace Parking Levy: bwana aliyense amene ali ndi malo 11 kapena kuposa oimikapo magalimoto a antchito amalipira pa malo alionse, ndipo chaka choyamba inali £288. Nottingham inali yoyamba ku Britain kuchita zimenezi. Ndi ganizo la 2p lomwe lija, kungoti lavala malaya ena: amene akudzaza misewu ndi magalimoto athandize kumanga njira ina yoyendera.

Leicester inayesa kutsanzira. Khonsolo inafunsa maganizo a anthu pa msonkho wa £550 pa malo alionse, ndalama zake zikanapita ku mabasi, njira za njinga ndi siteshoni ya sitima, osati ku tram. Mu Novembala 2022, zinthu zitakwera mtengo kwambiri, khonsolo ya Meya Sir Peter Soulsby inasiya ganizoli. Ndisaname, tsiku limenelo ndinapumira m'mwamba. Mabwana ambiri amakankhira msonkho wotere kwa antchito, ndipo ndinkaganiza za anzathu a m'makeya ndi m'mawayahausi amene amaweruka pakati pa usiku basi kulibe. Kwa iwo galimoto si yonyadira. Koma m'mawa mwake ndinaimanso pa siteji ndi mwana yemweyu, tikudikira. Walira mvula walira matope, ndipo ine ndinkafuna mvula yokhayokha. Kwathu n'chimodzimodzi: tonse timadandaula ndi zigamba za pa M1, koma tikafika pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke nkhope zimagwa. Chimene munthu ali ndi ufulu wofunsa, kuno kapena kumudzi, n'chakuti ndalama yotoleredwayo yapita kuti, ndipo ku Nottingham yankho likuyenda mumsewu, aliyense akuliona.

Chodabwitsa n'chakuti Leicester inakhalapo ndi tram, zokokedwa ndi akavalo kuyambira 1874, zamagetsi kuyambira 1904, mpaka yomaliza inayenda mu Novembala 1949. Ilinso ndi ngalande ya sitima yakale kuposa zonse za London Underground. Glenfield Tunnel inatsegulidwa mu 1832, injiniya wake anali Robert Stephenson, ndi yotalika kupitirira mailosi imodzi, ndipo inkadutsa sitima zobweretsa malasha mumzinda. Njanjiyo itatsekedwa, khonsolo inagula ngalandeyo pa £5. Masiku ena pachaka a Leicestershire Industrial History Society amalowetsamo alendo kuti aone. Mwana wanga atamva za £5 ija anathamangira kukatenga kabokosi kake ka ndalama, ati agule yekha ngalandeyo, agogo ake azikwera ulere.