Khungu nalo likufuna dokotala wake

M'mawa pa gombe la Nkhotakota, maso a aliyense amakhala pa usipa wotsitsidwa m'mabwato. Ndi ochepa amene amaona manja a mwana wonyamula beseni: pakati pa zala pali tizilonda, ndipo usiku wonse wachezera kudzikanda. Imeneyo ndi mphere. Ikalowa m'nyumba momwe ana amafunda bulangete limodzi siisiya munthu. N'chifukwa chake mankhwala amapaka banja lonse tsiku limodzi, zovala ndi zofunda n'kuchapa, kuyanika padzuwa.

Kuchokera ku Chia mpaka ku Dwangwa, anthu ambiri amati nthenda ya pakhungu imatha yokha. Ophunzira udokotala enanso amaona udokotala wa khungu ngati ntchito ya zodzoladzola. Koma khungu limaulula zimene thupi labisa. Banga lotuwa limene munthu samva akalikhudza ndi thonje likhoza kukhala khate. Likadziwika msanga, mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12 amachiza zala zisanapuwale. Mawanga akuda otupa kumiyendo akhoza kukhala khansa ya Kaposi, imene imakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV.

Palinso abale athu achialubino. Kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo 134,636 m'dziko muno. Kwa iwo dzuwa la kunyanja ndi mdani: kachilonda kosapola pakhutu kapena pakhosi kakhoza kusanduka khansa. Mafuta oteteza kudzuwa, chipewa chachikulu ndi diso la katswiri zimapulumutsa moyo.

Njira yofikira ukatswiriwu ndi yaitali. Wophunzira amayamba ndi digiri ya udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inabadwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu, n'kulembetsa ku Medical Council of Malawi, kenako n'kuwonjezera zaka zina za maphunziro a khungu okhaokha. Amalawi angapo, makamaka ma clinical officer, anakasulidwa ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania.

Komabe sukulu yoyamba ili pafupi. Wophunzira amene pa tchuthi amapempha kukhala pambali pa woona odwala khungu pa chipatala cha boma, amazolowera kusiyanitsa chipere ndi khate, zimene buku lokha silingamuphunzitse, pakuti zithunzi zambiri za m'mabuku n'za khungu loyera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi ya maso odekha.

Madokotala a khungu ndi ochepa kwambiri m'Malawi, ndipo ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Msodzi wa ku Nkhotakota sangataye masiku ndi ndalama kupita kumeneko chifukwa cha banga losawawa. Inu amene mukuphunzira udokotala, posankha gawo loti muzamemo, kumbukirani manja a mwana uja.