KODI MAKINA OTSIKA MTENGO A KU CHINA AMAKHALA ZAKA ZINGATI?

Masiku ano munthu wobwerera kumudzi kuchokera ku migodi kapena ku nchito za m'tauni sasenzanso galamafoni ndi makina osokera monga ankachitira makolo athu. Mwana wa sukulu amapempha laputopu kapena tabuleti, ndipo atate wake akalowa m'masitolo a mu Johannesburg, kapena akayang'ana pa intaneti, amapeza makina a maina achilendo monga Chuwi, Teclast, Jumper ndi Alldocube, amene mtengo wake uli pansi kwambiri. Ndarama zogulira nza thukuta la miyezi yambiri, chifukwa chake nkoyenera kufunsa ngati makinawo adzamfikitsa mwanayo kumapeto a sukulu.

Poyamba tichotse mau amene timamva kawiri kawiri, akuti chiri chonse cha ku China nchosalimba. Mau amenewa si oona. Malaputopu ambiri a pa dziko lapansi, ngakhale a maina a ku America, amapangidwa ku China konko. Lenovo ndi kampani ya ku China, ndipo m'chaka cha 2005 inagula nchito yopanga makompyuta ya IBM pamodzi ndi dzina la ThinkPad, makina amene maofesi amawadalira kufikira lero. Kusiyana kuli pa zinthu zimene wopanga wachotsa kuti mtengo utsike, ndipo zimenezo sizioneka tsiku logula. Tsiku limenelo galasi limawala bwino, makina amayaka msanga, wogulitsa namwetulira. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za makina awa zimayamba kutuluka patapita miyezi.

BATIRE NDIYE AMAYAMBA

Batire ya lithium imakalamba, ngakhale m'makina odula. Ikadzazidwa ndi kutha maulendo 300 kufikira 500 mphamvu yake imayamba kuchepa moonekeratu, ndipo kutentha kumafulumiza ukalamba umenewu. Makina osiyidwa pa zenera m'nyumba ya malata mwezi wa October ku Chikwawa kapena ku Tete akudya masiku ao opanda munthu kuwakhudza. Nthawi zina batire imatupa ngati chigumu pa moto, nikankha galasi la tabuleti kapena mabatani a laputopu. Mukaona chotere lekani kutchaja, ndipo musaiboole kapena kuipanikiza, chifukwa ikhoza kuyaka moto.

Kukalamba kwa batire sikukadakhala mlandu waukulu ikadapezeka ina. Taganizani za njinga ya Raleigh ndi makina a Singer. Zinakhala zaka makumi m'midzi mwathu chifukwa tcheni, sipoko, singano ndi lamba zinkapezeka m'sitolo iri yonse, ndipo mmisiri wa pansi pa mtengo ankadziwa kuzikonza. Nazonso zinkaonongeka, koma zinkadzuka. Makina a maina aang'ono sali chomwecho. Wopanga amasintha mtundu kawiri kawiri, batire ya mtundu wa chaka chatha nikhala yosowa, ndipo mmisiri wa ku Limbe kapena ku Chipata, ngakhale akhale waluso chotani, sangaike chimene alibe. Makina onse amasanduka chokongoletsa pa tebulo chifukwa cha kanthu kamodzi.

ZOMATIDWA PA BOLODI

M'kati mwa laputopu muli zinthu ziwiri zoyenera kuzidziwa ndi maina ake. China ndi RAM, malo amene makina amagwiriramo nchito ya nthawi yomweyo. China ndi nkhokwe yosungiramo zolemba ndi zithunzi. M'makina abwino nkhokweyi ndi SSD, imene imazulidwa ndi kuikapo ina. M'makina otsikitsitsa mtengo, ndi m'matabuleti ambiri, muli mtundu wochedwa eMMC, umene uli womatidwa pa bolodi. Umayenda pang'ono pang'ono, umatha ndi kulembedwa, ndipo ukafa bolodi lonse lafa nao, pamodzi ndi zolemba za mwana wanu.

Amene anagula malaputopu a 32GB zaka za m'mbuyomu anauona ulendo wake: Windows yokha inkadzaza nkhokwe, ndipo posakhalitsa panalibe malo olandirira zokonza zatsopano. Windows 11 imafuna 64GB ndi RAM ya 4GB, ndipo pamenepo ndi poyambira chabe, monga kunena kuti munthu akhoza kukhala moyo ndi phala lokha. Kunena zoona makina atsopano apita patsogolo. Ambiri okhala ndi Intel N100, imene inatuluka mu 2023, ali ndi SSD yozulika ndi RAM ya 8GB kapena kuposa, ndipo pa nchito ya kulemba ndi kuwerenga amakwanira ndithu.

Pali zina zazing'ono zimene zimagwetsa makina: mahinji omangidwa m'pulasitiki yopyapyala, amene amathyoka ndi kutsegula ndi kutseka, mabatani amene amaleka limodzi limodzi, ndi kabowo ka chaja kamene kamagwedera. Za chaja ndichenjezepo. Makina ena otsika mtengo amadza ndi chaja ya mutu wa USB-C, wofanana ndi wa lamya za m'manja, koma yotulutsa mavoti 12 nthawi zonse. Mlongo wake wa mwanayo akaitenga kuti atchajire lamya yake, lamyayo ikhoza kupsa.

KUSIYIDWA NDI OPANGA

Imfa yina siioneka ndi maso. Makina amakhala amoyo, koma opanga aleka kuwatumizira zokonza. Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo malaputopu akale amene sangalandire Windows 11 atsalira m'mbuyo. Wogula lero afunse ndi kuona yekha kuti muli Windows iti. Matabuleti ambiri otsika mtengo amafa ndi Android yomwe anabadwa nayo, ndipo pakapita zaka mapulogalamu a banki ndi a sukulu amayamba kukana kulowamo. Choipa china nchakuti mu 2023 akatswiri anapeza pulogalamu yakuba, imene anaitcha BADBOX, itaikidwa kale m'zipangizo zina za Android zotsika mtengo zisanagulitsidwe, ndipo mu June 2025 FBI ya ku America inachenjeza anthu za mtundu wake wachiwiri. Tsegulani Play Store, muone m'makonzedwe ake ngati tabuletiyo iri yobvomerezedwa ndi Play Protect. Ngati siiri, musaikemo za ndarama zanu.

Maiko a European Union anaona bvuto limeneli naika lamulo. Kuyambira pa 20 June 2025, lamya ndi matabuleti atsopano ogulitsidwa kumeneko ayenera kukhala ndi batire yopirira maulendo 800 isanatsike pansi pa 80 peresenti ya mphamvu yake, zipangizo zosinthira zipezeke zaka 7, ndi zokonza za pulogalamu zaka 5. Lamulo limeneli nla kwao, silititeteza ife kuno, komabe litipatsa muyeso wofunsira wogulitsa.

TIYENI TIWERENGERE

Ife makalaliki tinazolowera kugawa chiri chonse ndi masiku, ndipo ndipempha owerenga achite chimodzimodzi. Tingoyerekeza: makina a R3,000 amene akhala zaka 2 akudyerani R1,500 pa chaka, pamene a R5,000 amene akhala zaka 5 akudyerani R1,000. Kwa mwana woyamba sekondale kapena koleji, ine ndingasankhe ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook yogwirapo kale nchito m'ofesi, yokonzedwanso ndi yotha kulandira Windows 11. Maonekedwe ake ngachikale, ndipo mwanayo kapena adzakwinya nkhope poilandira, koma batire, mabatani ndi chaja zake zimapezeka m'matauni athu. Tabuleti yotsika mtengo iri ndi malo ake: kwa ana aang'ono oonera zithunzi ndi kuphunzira zilembo, amene adzaigwetsa ndithu, palibe chifukwa chotayira ndarama zambiri.

Malo ogulira nao ngofunika. Ku South Africa lamulo lochedwa Consumer Protection Act, la 2008, limapatsa wogula miyezi 6 yobwezera katundu amene wapezeka ndi chilema, ndipo wogulayo ndiye asankha kuti amkonzere, amsinthire kapena ambwezere ndarama. Koma pafunika risiti ndi sitolo imene mungabwerereko. Katundu woitanitsa kuchokera kutsidya la nyanja ngobvuta kubweza, ndipo amene wafika kale ku Ntcheu sangabwerere ku Johannesburg popanda mtengo wa ulendo wopambana mtengo wake.

Chifukwa chake, abale, musagule tsiku lonyamuka. Gulani kukali milungu ingapo, muwagwiritse nchito tsiku ndi tsiku, muyese batani liri lonse, mudzaze batire ndi kuona maora amene ikhala, ndipo chilema chikaoneka mubweze risiti iri m'manja. Muonjezepo flash disk yoti mwana azisungirapo zolemba zake padera, ndi pulagi yotchinjiriza makina pamene magetsi abwera ndi mphamvu atazima. Musaiwalenso adaputa, pakuti pulagi ya ku South Africa ya mano ozungulira siilowa m'soketi za mano a ngodya zimene ziri m'nyumba zambiri za ku Malawi ndi ku Zambia.