Bishopu wa Anglican Amasankhidwa Bwanji?

Akhristu ambiri a mpingo wa Anglican ku Kabwata, ku Chelstone kapena ku Woodlands mu Lusaka amamuona bishopu kamodzi pachaka, tsiku limene wabwera kudzasanjika manja pa ana awo. Amafika atavala chisoti chachitali, ndodo ya ubusa ili m'manja, amayi a Mothers' Union akumuyimbira kuyambira pachipata. Koma mukafunsa kuti anamuika pampandopo ndani, mayankho amasiyana: ena amati ndi a ku England, ena amati ndi mabishopu anzake. Kale zinalidi choncho, koma lero nkhaniyi imayambira m'parishi mwathu momwemu.

Ku England wa m'zaka za m'ma 1500, mfumu Henry VIII itadula ubale ndi Papa mu 1534, bishopu ankatchulidwa ndi mfumu. Ansembe a ku tchalitchi chachikulu cha dayosizi ankalandira chilolezo choti asankhe, koma pamodzi ndi chilolezocho pankabwera kalata yokhala ndi dzina la woti asankhidweyo, ndipo kukana unali mlandu. Chinali chisankho cha dzina lokha. Bishopu wa nthawi imeneyo ankakhalanso m'nyumba ya malamulo, ndipo zinthu zikatembenuka ankatha kufera udindo wake, monga Thomas Cranmer amene anawotchedwa ku Oxford mu 1556.

Kuno ku Zambia dayosizi ya Northern Rhodesia inayamba mu 1910, bishopu wake woyamba ali John Hine wa mishoni ya UMCA. Mabishopu oyambirira onse ankachokera kunja ndipo anali pansi pa Akibishopu wa ku Canterbury. Zinasintha mu 1955 pamene panakhazikitsidwa chigawo cha Central Africa, chimene chinadzaphatikiza Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Botswana. Oliver Green-Wilkinson anaona nyengo ziwiri zonsezi. Anakhala bishopu mu 1951, nthawi yake ndi imene Cathedral of the Holy Cross ya ku Lusaka inamangidwa mpaka kutsegulidwa mu 1962, ndipo chaka chomwecho anakhala Akibishopu wa chigawo. Mu 1964 Filemon Mataka anadzozedwa kukhala bishopu womuthandiza, munthu wakuda woyamba paudindowu mu mpingo wa Anglican m'Zambia. Green-Wilkinson anamwalira pangozi ya galimoto mu 1970, ndipo dayosizi itagawidwa patatu, Mataka ndiye anakhala bishopu wa Lusaka.

Masiku ano mpando ukakhala wopanda munthu, dayosizi imalandira maina a ansembe oyenera ndi kuwaunika. Kenako pamakhala msonkhano wachisankho, momwe mumakhala ansembe ndi akhristu eniake a dayosiziyo, komanso nthumwi za chigawo chonse. Kuti munthu apambane ayenera kupeza mavoti awiri mwa atatu alionse, choncho gulu limodzi silingakakamize munthu wake popanda kumvana ndi anzawo. Ine ndimaona kuti lamuloli n'lanzeru, pakuti bishopu wopambana ndi voti imodzi angayambe ntchito theka la nkhosa zake litamufulatira kale.

Kupambana mavoti sikutha kwa nkhani. Pamatsala khoti lotsimikizira chisankho, limene limamva madandaulo a aliyense wokhala ndi chifukwa chomveka. Khotili si lamwambo chabe ayi. Mu 2005 dayosizi ya Lake Malawi inasankha Nicholas Henderson, wansembe wa ku London, koma khoti linakana kumutsimikiza, ndipo dayosiziyo inakhala zaka zingapo yopanda bishopu, akhristu ali pamkangano wowawa. Wotsimikizidwa amadzozedwa ndi mabishopu osachepera atatu, kenako amakhazikidwa pampando wake m'tchalitchi chachikulu.

Ntchito yake ndi kudzoza madikoni ndi ansembe, kuwatuma m'maparishi, kulangiza olakwa, ndi kutsogolera sinodi, msonkhano waukulu wa dayosizi. Komatu salamulira yekha. Malamulo a dayosizi ndi ndondomeko ya chuma zimadutsa mu sinodi, momwe akhristu eniake ali ndi mawu ndi voti. Udindowu umafikanso pankhani za dziko: mu 1991, pamene Zambia inkabwerera ku ndale za zipani zambiri, atsogoleri a mipingo anakumanitsa Kenneth Kaunda ndi Frederick Chiluba ku Cathedral of the Holy Cross komweko.

Nthumwi za ku sinodi zimachokera m'maparishi, ndipo akuluakulu a parishi amasankhidwa pamsonkhano wa pachaka wa vestry. Uwu ndi msonkhano umene ambiri timauthawa misa ikangotha, kuthamangira basi kapena kukaphika nsima, n'kusiya anthu owerengeka kuti asankhe m'malo mwa mpingo wonse. Chaka chino akalengeza tsiku la vestry, khalani pansi mpaka kumapeto, funsani za lipoti la ndalama, ndipo dziwani dzina la munthu amene akukakuyimirani ku sinodi.