Tinjira ta Fumbi ta M'mbali mwa Lilongwe: Mafunso ndi Mayankho kwa Oyamba Kupalasa

Funso: Kodi masewera opalasa njinga m'tinjira tam'tchire angatheke mumzinda wopanda mapiri ngati Lilongwe?

Yankho: Angatheke ndithu. Masewerawa anayambira m'mapiri a dera la Marin ku California m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ankapikisana kutsetsereka pa njinga zakale zamatayala onenepa, ndipo mu 1996 analowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Atlanta. Koma woyamba kumene safunika phiri. Lilongwe ali pachidikha chokwera mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo nthaka yake imakwera ndi kutsika pang'onopang'ono pakati pa madambo. Zitunda zazifupi, mitsetse yosaopsa, mchenga apa, katondo apo: izi n'zimene wophunzira amafuna.

Funso: Nanga tinjirato tili kuti?

Yankho: Timayambira pamene phula lathera. Wokhala ku Chinsapo ali ndi mwayi, chifukwa kuchokera kwawo kulowera cha ku Likuni midzi imayamba msanga, ndipo misewu yafumbi imakafika mpaka ku Malingunde kumene kuli madamu a Kamuzu. Wa ku Area 23 akatulukira chakum'mawa amalowa m'midzi ya mfumu yayikulu Tsabango. Wa ku Area 25 ndi Mgona angalowere cha ku Dzenza ndi midzi ya kumpoto. A ku Kawale ndi Biwi ndiwo opanikizika, poti nyumba n'zothithikana. Iwowa ayambe aphunzira pabwalo la mpira m'mawa, kenaka adutse m'makwalala kulowera ku Area 23. Wachilendo mumzindawu asanamizidwe ndi manambala: madera anapatsidwa manambala mosatsata kuyandikana kwake, choncho Area 23 ili kumwera chakum'mawa pamene Area 25 ili kumpoto kwenikweni.

Funso: Ndani angandisonyeze njira yabwino? Kodi mapu a pafoni sakwanira?

Yankho: Zithunzi za Google Maps zimathandiza kuona timizere toyera todutsa m'minda, koma sizinena kuti ulalo unakokoloka mu Febuluwale kapena kuti mwini puloti wamangapo mpanda. Akuti safunsa anadya phula. Eni tinjirati ndi akabaza, amayi obwera ndi ndiwo zamasamba kuchokera kumadimba, ndi azibambo okankha njinga zosenza nkhuni ndi matumba a chimanga. Munthu wonyamula katundu wolemera sasankha njira mwachisawawa. Amadziwa pamene pali chitunda chopha miyendo ndi pamene matayala amatitimira. Pitani pa siteji ya kabaza, perekani moni, mufunse mwachindunji kuti, “Achimwene, yachidule yopita ku Likuni yopanda mchenga ndi iti?” Chabwino koposa n'kum'lipira wakabaza mmodzi kuti akutsogolereni ulendo woyamba, inu mukum'tsata pa njinga yanu. Pansi paponso pamaphunzitsa. Mzere wosalala, wolimba, wopyapyala m'mphepete mwa msewu wokumbikakumbika ndi umene matayala ambirimbiri aponda, ndipo ndi umene muyenera kuutsata.

Funso: Kodi njira yoyenera woyamba imadziwika bwanji?

Yankho: Ikhale yoti mukuona patsogolo, yopanda zigwembe zakuya, ndiponso yodutsa kumene kuli anthu. Ulendo woyamba usapitirire makilomita 10, kupita ndi kubwerera. Pa mchenga musamange buleki yakutsogolo. Pepukitsani giya, khalani chakumbuyo kwa chishalo, palasani osalekeza, chiwongolero osachiumiriza. Pa mtsetse imirirani pang'ono pa mapedulo, mawondo ndi zigongono zili zopinda, mabuleki onse awiri mukuwagwira pang'onopang'ono. Maso akhale pamene mukufuna kudutsa, osati pa mwala umene mukuuopa, chifukwa njinga imatsata maso. Chenjerani ndi maenje oumbira njerwa, amene ndi ambiri m'mbali mwa mzinda ndipo udzu umawabisa.

Funso: Nyengo yabwino ndi iti?

Yankho: Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula imakhala italeka, nthaka yauma, chimanga chakololedwa moti mumaona kutali, ndipo kunja kumazizira. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi limachuluka ndipo dzuwa limaswa mtengo, choncho nyamukani m'mamawa. M'chilimwe samalaninso ndi chitedze m'tchire la m'mbali mwa mitsinje. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, makande a m'dambo amamatirira mpaka tayala kukana kuzungulira, ndipo timitsinje ngati Nankhaka timasefukira mwadzidzidzi. Madzi othamanga musawoloke.

Funso: Kodi mpaka ndigule njinga yodula?

Yankho: Ayi. Njinga yakaunjika yamagiya, yamatayala okhala ndi mano, ndi yokwanira, bola mabuleki akugwira. Musanayambe ulendo kaonetseni kwa wokonza njinga kuti akunge masipoko ndi kuthira oyilo ku tcheni. Nyamulani pampu, zigamba, guluu, madzi akumwa ndi kandalama. Ndalama zimene mwapulumutsa gulirani chipewa choteteza mutu.

Funso: Pali mwambo wotani podutsa m'midzi?

Yankho: Kwa inu kanjirako ndi masewera, kwa ena ndi njira ya kuchigayo, kumjigo kapena kusukulu. Lizani belu muli patali, chepetsani liwiro pakati pa nyumba, patukirani wosenza katundu. Musadule m'mizere ya munthu. Mukapeza masamba atayikidwa pamsewu, dziwani kuti pali maliro: tsikani, kankhani njinga mpaka mutadutsa. Nkhalango yowirira yokhayokha pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo m'midzi ya Achewa ndi kumene kumakhala dambwe la Gule Wamkulu. Musalowemo, ndipo mukakumana ndi gule panjira, patukani mwaulemu. Bwererani dzuwa lisanalowe, ndipo kumalo kopanda anthu yendani awiri kapena atatu.

Funso: Ndikazolowera, ndipite kuti?

Yankho: Midzi yozungulira phiri la Bunda, pafupifupi makilomita 30 kumwera kwa mzinda, ili ndi zitunda zokulirapo. Ku Nkhoma kuli miyala ndi mitsetse yofuna luso. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, ndi yotetezedwa ndi boma, choncho onanani ndi a zankhalango musanalowe, ndipo tengani munthu wodziwa malowo. Pitaniko pokhapokha mutatha kumata chubu nokha ndi kuwoloka mchenga osatsitsa phazi.